MBALAME ZA M'MADZI PA KAFUE: ZIDZA LITI, ZICEPA LITI?

Lero tikambirana za mbalame za m'madzi zimene zioneka m'mbali mwa tauni ya Kafue: nyengo imene ziculuka, nyengo imene zicepa, ndiponso cifukwa cace pali anthu amene aziwerenga kawiri pa caka. Kapena wina wa inu wayamba kale kuseka, nati, "Kodi munthu wa ana asanu angadye ciwerengero ca abakha?" Funso ili nlabwino, ndipo ndiyesa kuliyankha tisanalekane.

NYANJA YA PAFUPI NDI MAFAKITALE

Poyamba tione malo ace. Tauni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita monga 45 kumwera kwa Lusaka, pa njanji ndi pa mseu waukulu. Inu amene munakwera sitima ya ku Livingstone muudziwa ulalo wace wautali uja, umene unamangidwa m'caka ca 1906. Dziko litalandira ufulu, boma linafuna kuti Kafue ikhale tauni ya mafakitale. Panamangidwa fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970, ndiponso ya nsalu, ya yisiti ndi yofufuta zikopa. Ya nsalu inatsekedwa pambuyo pace, ndipo kunadza ina yosungunula zitsulo. Mafakitale onsewa anadza pano cifukwa ca madzi, ndipo mbalame nazonso zinadza cifukwa ca madzi omwewo.

Kale pa Kafue panalibe nyanja. Panali mtsinje umene unali kusefukira mvula itagwa, nubwereranso m'khwawa mwace m'cilimwe. Koma mu 1971 anatseka mtsinjewo ndi damu la magetsi la Kafue Gorge, kumunsi kwa tauni, pamene madzi alowa pakati pa mapiri. Madzi atasowa njira anabwerera m'mbuyo, napitirira ulalo, nadzaza madambo a kumadzulo kwa tauni. Kuyambira pamenepo pali madzi oima caka conse, odzala bango, gumbwa ndi akakombo. Iyi ndiyo nyanja imene tili kunena.

Nyanjayi ndiyo khomo cabe la cidikha cacikulu ca Kafue, cimene ciyambira ku Itezhi-Tezhi kufikira pa tauni pano, ulendo wa makilomita monga 240. Ukulu wace ndi masikweya kilomita monga 6,500. Dziko lace nlathyathyathya ngati mphasa, kotero kuti madzi olowa ku Itezhi-Tezhi atha mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri asanafike pa ulalo. M'cidikha cimeneci muli nkhalango za boma ziwiri, Lochinvar ndi Blue Lagoon, ndipo pa Lochinvar pokha anthu aonapo mitundu ya mbalame yoposa 400. Mbalame imene muiona lero kuseri kwa mafakitale, mawa idzakhala ku Lochinvar, pakuti iyo siidziwa malire. Cifukwa cace sitingathe kumvetsa za mbalame za pa tauni popanda kuyang'ana cidikha conse.

CAKA CA MBALAME

Tiyeni tiyende nazo caka cathunthu, kuyambira mwezi wa October, dzuwa likali kuswa mtengo. Nyengo imeneyi ndiyo ya alendo. Pa matope a m'mphepete mwa madzi mudzaona timbalame totuwa, tothamanga-thamanga, tilikutompha-tompha ndi milomo yao yoonda. Kamodzi mwa ito Angerezi akacha Little Stint. Kulemera kwace ndi magalamu monga 25 cabe, koma kwao nkutali koposa, ku mapeto a kumpoto kwa Ulaya ndi Siberia, kumene kaikira mazira m'miyezi ya June ndi July. Cisanu cikafika kumeneko madzi auma ngati mwala, cakudya cisowa, ndipo timbalameti tiuluka makilomita zikwi zambiri kudza kuno. Ina yokulirapo, imene aicha Ruff, icita cimodzi-modzi. Ticidziwa ici cifukwa akatswiri abveka mbalame zina mphete yokhala ndi nambala pa mwendo, ndipo zina zobvekedwa mphete ku South Africa zinapezeka ku Siberia. Alendo awa samanga zisa kuno ai. Adya, nanenepa, ndipo pofika March kapena April abwerera kwao.

Mlendo wina adza ndi cizimalupsya. Ndiye dokowe wakuda wa pamimba poyera uja, amene atera m'magulu a mazana m'minda ndi m'mabwalo a mpira, nadya ziwala, inswa ndi nchemberezandonda. Iye acokera mu Afrika momwe muno, ku maiko a kumpoto monga Sudan, Ethiopia ndi Nigeria, kumene aswa ana mvula ya kumeneko ili kugwa. Mvula ikatha kwao aitsata kuno. Mlimi womuona m'munda mwace ayenera kukondwa, pakuti walandira wanchito wosafuna malipiro.

Kuyambira December kufikira March ndilo dzinja, ndipo apa ambiri anyengeka. Munthu ayesa kuti mvula ikaculuka abakha adzaculukanso pa nyanja. Si tero ai. M'dzinja madzi ali pali ponse, m'madambo, m'zithaphwi ndi m'maenje a njerwa momwe. Abakha ndi atsekwe abalalika awiri-awiri kukafuna malo obisika oikirako mazira, ndipo pa madzi akulu patsala ocepa. Wopita pa ulalo mu January angathe kunena kuti abakha atha. Sanathe, angomwazika.

M'miyezi ya April ndi May mvula yaleka, koma ndi pamene madzi a m'cidikha afika pacimace, cifukwa mvula imene inagwa ku migodi icedwa pa njira. Nsomba zaswana m'udzu womira, ndipo acule, nkhono ndi nkhanu zili mbwee. Akakowa, amphipi ndi acimeza asonkhana m'mitengo ndi m'mabango oimirira m'madzi, namanga zisa zao mothithikana monga nyumba za m'komboni. Pali dokowe wina wakuda thupi lonse, amene mlomo wace sutsekeka pakati. Cakudya cace ndi nkhono, ndipo adziwa kuiturutsa m'cigoba mwace mwaluso. Nkhwazi nayo, imene ili pa mbendera ya dziko lathu, imanga cisa cace m'miyezi ya cisanu.

Kuyambira June madzi ayamba kuphwa, ndipo m'mene aphwera mbalame zisonkhana. Zithaphwi za kutali zauma, ndipo abakha aja anamwazika abwera pamodzi ndi ana ao. Atsekwe athothoka nthenga za m'mapiko zonse nthawi imodzi, nakhala masabata angapo osatha kuuluka. Cifukwa cace afuna madzi akulu obisalamo. Pofika August ndi September nsomba zapanikizika m'maiwe osaya, ndipo abvuwo, a thumba pakhosi aja, adza m'magulu kudzazikokolola. Akakowa aima m'mizere m'mphepete mwa madzi. Nyengo yomweyi Aila ndi Atonga atsikira ku cidikha ndi ng'ombe zao kutsata msipu wobiriwira umene madzi ausiya. Iyi ndiyo nyengo imene mbalame za kwathu zioneka zambiri pa malo amodzi. Pamenepo alendo a kumpoto ayambanso kufika, ndipo caka cazungulira.

KUCEPA KULI KUWIRI

Tsono mwaona kuti ciwerengero ca mbalame cikwera ndi kutsika caka ciri conse, ndipo palibe coopsya pamenepo. Inu a ku migodi mucidziwa bwino cinthu ici. Munthu akaima pa cikepe m'mawa adzaona anthu mazana ali kutsika pansi. Akabweranso masana adzapeza pali zii, ndipo sadzalira kuti anthu atha, pakuti adziwa kuti ali pa nchito. Koma shifiti ikatha, ngati m'nyumba ya nyali mwasowa nyali zitatu zosabwezedwa, pamenepo kapitao sakhala pansi, ndipo mgodi wonse uima kufikira anthu atatuwo atapezeka. Kuli kucepa kwa nthawi, ndipo kuli kucepa kwa ngozi. Cimene cisiyanitsa ziwirizi ndi buku lolembamo maina ndi manambala tsiku ndi tsiku.

Mbalame nazo zili ndi buku lao. Mu 1967 anthu a ku Ulaya anayamba kuwerenga mbalame za m'madzi mwezi wa January caka ciri conse, ndipo mu 1991 nchitoyi inakhazikika mu Afrika muno. Kuno tiwerenga kawiri, mu January ndi mu July, kuti tione dzinja ndi cisanu comwe. Bungwe losonkhanitsa manambala a maiko onse ndi Wetlands International. M'dziko lathu nchitoyi yakhala m'manja mwa bungwe limene linayamba mu 1969 ndi dzina la Zambian Ornithological Society, limene lero lichedwa BirdWatch Zambia, pothandizana ndi a boma oyang'anira nyama za m'thengo.

Kodi munthu angawerenge bwanji mbalame zosakhazikika? Aima pa malo omwewo pamene anaima caka catha, m'mwezi womwewo, m'mawa, ali ndi magalasi oonera patali. Gulu likakhala laling'ono awerenga imodzi-imodzi. Likakhala lalikulu awerenga khumi, naona ukulu wa malo amene khumilo ladzaza, nayesa gulu lonse ndi muyeso umenewo, makumi-makumi kapena mazana-mazana. Mnzace acita cimodzi-modzi payekha, ndipo pambuyo pace alinganiza manambala ao. Kumene bwato kapena galimoto singafike, awerenga ali m'ndege youluka pansi-pansi m'mizere yoongoka. Nchitoyi ifuna kupirira, monga akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo lamulo lace lalikulu ndi ili: January ayesedwa ndi January mnzace, July ndi July mnzace. Woyesa January ndi September adzanama, ngakhale awerenge bwino cotani.

Manambala awa ali ndi mphamvu pa maso pa maboma. Pangano la maiko losunga madambo, limene linalembedwa mu mzinda wa Ramsar ku Iran mu 1971, linena kuti malo amene asunga mbalame za m'madzi 20,000 kapena kuposa, kapena gawo limodzi mwa magawo 100 a mtundu umodzi, ndi malo ofunika ku dziko lonse lapansi. Cidikha ca Kafue cinalembedwa m'buku la panganolo mu 1991.

ZIMENE BUKU LAONETSA

Pali mbalame imodzi imene yatiphunzitsa zambiri. Angerezi aicha Wattled Crane. Ikaimirira ifanana msinkhu ndi munthu wamkulu. Khosi lace nloyera, msana wotuwa, ndipo pansi pa mlomo palendewera tinyama tiwiri. Idya timizu tonga mbatata tating'ono ta udzu wina wa m'madzi osaya. Imanga cisa cace pa kacisumbu pakati pa madzi pamene ayamba kuphwa, kuti afisi ndi ankhandwe asafike, ndipo ilera mwana mmodzi yekha. Katswiri wina dzina lace Douthwaite, amene anaiyang'anira m'cidikha muno, analemba mu 1974 kuti caka ca madzi okwanira mabanja 40 mwa mabanja 100 anamanga zisa, koma caka cimene madzi sanasefukire anamanga mabanja 3 okha mwa 100. Apa muona kuti mbalame iyi siifuna madzi cabe. Ifuna madzi odza pa nthawi yace ndi kucoka pa nthawi yace.

Nthawi imeneyo ndiyo inasokonezeka. Damu la Kafue Gorge linafuna madzi caka conse kuti makina a magetsi asaime, ndipo mu 1977 anatsiriza damu laciwiri ku Itezhi-Tezhi, losunga madzi a dzinja ndi kuwatsegulira pang'ono-pang'ono m'cilimwe. Cidikha cinakhala pakati pa zitseko ziwiri. Malo ena amene kale anali kumira caka ndi caka analeka kumira, ndipo ena amene anali kuuma, makamaka mbali ino ya ku tauni, analeka kuuma. Mbalame zomira m'madzi akuya, monga amphipi, sizidandaula ndi madzi oima. Koma zofuna matope ndi udzu wamfupi zinataya malo ao ambiri. Pofuna kucepetsa bvutoli panaikidwa lamulo lakuti mwezi wa March damu la Itezhi-Tezhi lizitsegula madzi oculuka kwa masabata anai, kuti cidikha cilawe cigumula conga ca kale.

Tisanene kuti madamu ndi oipa. Magetsi a Kafue Gorge ndiwo ayendetsa zikepe ndi mapampu a m'migodi, ndiwo aunikira zipatala. Tonse tikumbuka caka ca 2024, pamene mvula inakana, President Hakainde Hichilema nalengeza mu February kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo nyumba zambiri zinakhala mumdima maora ambiri pa tsiku. Caka cotere munthu wotsegula zitseko za damu ali pa mlandu wobvuta: madzi ndi amodzi, koma owafuna ndi ambiri, a magetsi, a nzimbe ku Mazabuka, a ng'ombe, asodzi ndi a m'matauni. Mbalame sizikhala pa bwalo la mlanduwo. Cimene cizilankhulira ndi manambala aja.

Ndipo manambala anena zotani? M'zaka zoyamba za m'ma 1970 mbalame zazitali zija zinali kufika 3,000 m'cidikha muno. Pofika 2002 owerenga anapeza zosakwana 1,000. Koma mu 2015, powerenga ndi ndege, anapeza zoposa 2,300, ndiko kuti imodzi mwa zinai zonse za pa dziko lapansi. Mbalamezi ziyenda pakati pa Kafue ndi madambo ena akulu, ndipo cifukwa cace ciwerengero ca caka cimodzi sicikwanira kuweruza mlandu. Koma nyama ya m'madzi yonga mphoyo, imene Aila aicha nanja ndipo Angerezi lechwe, siingathe kuuluka kupita kwina, ndipo mbiri yace njomvetsa cisoni. Zinalipo pafupi-fupi 100,000 m'zaka zoyamba za m'ma 1970, koma mu 2015 zinatsala zosakwana 30,000. Nyama iyi ikadya udzu ndi kuuponda-ponda, itsegulira mbalame ija malo okumbapo timizu tace. Ikatha nanja, mbalame nayo idzabvutika.

Adani ena ndi zomera zacilendo. Pa tauni pano tinaona m'zaka za m'ma 1990 udzu woyandama wa maluwa okongola, wocokera ku South America, umene ku Malawi aucha namasupuni, utaphimba mtsinje pa ulalo kotero kuti mabwato analephera kupita. Udzu uwu unenepa ndi zonyansa za m'zimbudzi, feteleza wokokoloka m'minda ndi madzi otayidwa m'mafakitale. Ukaphimba madzi, mbalame yosaka nsomba ndi maso siiona kanthu, ndipo nsomba zomwe zisowa mpweya. Ku Lochinvar kunabuka citsamba ca minga cochedwa Mimosa pigra, cimene cinayamba pa kadera kakang'ono ca m'ma 1980 ndi kufalikira pa mahekitala pafupi-fupi 3,000. Kuyambira 2017 bungwe la International Crane Foundation ndi anzace, pamodzi ndi boma, analemba nchito anthu a m'midzi oposa 100 kuti acidule ndi kucitentha, ndipo gawo lalikulu la malowo linatsegukanso. Ici citiuza kuti coonongeka cingathe kukonzeka, anthu akacidziwa msanga.

Inu a ku migodi, nkhani iyi ikukhudzani koposa, pakuti Kafue ayambira kwanu. Madzi opita pa Chingola ndi pa Kitwe ndiwo afika pa ulalo uno. Pa 18 February 2025 damu la zotsalira za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi okwana malita mamiliyoni 50, monga ananenera poyamba, analowa mu mtsinje wa Mwambashi ndi kutsikira mu Kafue. Nsomba zinafa pa mtunda wautali, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Madzi saiwala khwawa: cimene catayidwa kumtunda citsata njira yomweyo kunka kumunsi. Zitsulo za poizoni zikhazikika m'matope, zilowa m'nkhono ndi m'nsomba, ndipo wodya nkhono ndi nsomba tsiku ndi tsiku ndiye mbalame. Ngozi yotere ikagwa, anthu okhala ndi manambala a zaka zam'mbuyo ali ndi poyesera. Opanda manambala angotsutsana pakamwa.

YANKHO LA FUNSO LIJA

Tsono tibwerere kwa mnzathu wa ana asanu. Zoona, sangadye ciwerengero ca abakha. Koma nsomba imene mkazi wace agula pa msika icokera m'madzi omwe adyamo bvuwo, ndipo madzi ambiri a m'mipopi ya Lusaka apopedwa pa Iolanda, pa Kafue pomwe pano. Mbalame ndi zosabvuta kuziona kuposa nsomba za pansi pa madzi kapena poizoni wa m'matope. Zikacepa pa nyengo yace, tidziwa kuti zili pa ulendo. Zikacepa July uno, ndi July wa mawa, ndi winanso, pamenepo nyali zasowa, ndipo tiyenera kufunsa cimene cacitika ndi madzi amene ana athu amwa.

Pali zinthu zimene ali yense angathe kucita. Asodzi asunge nyengo yoletsa kusodza, kuyambira pa 1 December kufikira kutha kwa February, ndipo aleke kukokolola ana a nsomba ndi maukonde a udzudzu. Tisatenthe mabango pamene mbalame zili pa mazira, tisatole mazira m'zisa, ndipo tisaphe atsekwe pa nyengo imene alibe mapiko, pakuti kupha wosatha kuthawa si ulenje. Makolo alangize anyamata za malegeni. Mukaona nsomba kapena mbalame zambiri zitafa pamodzi, musazidye ndipo musazigulitse. Kauzeni a boma oyang'anira nsomba kapena a ZEMA tsiku lomwelo. Mukapeza mbalame ya mphete pa mwendo, lembani nambala yace, tsiku ndi malo, mupereke kwa oyang'anira nyama za m'thengo.

Ndipo inu aphunzitsi a pa Kafue, nyanja ili pa khomo panu. Tengani ana a sukulu Loweruka limodzi pa mwezi, muime pa malo amodzi omwewo, muwerenge akakowa, amphipi ndi abakha, mulembe m'kabuku pamodzi ndi tsiku ndi msinkhu wa madzi. Caka coyamba kabukuko kadzaoneka ngati kopanda pace. Zikapita zaka khumi kadzakhala mboni imene munthu sangaitsutse.

Nkhani yathu yathera pamenepa.